Zala za Tikambenji

Buku linandipatsa mayina a mafupa m'Chilatini,
ndinawaloweza ngati mavesi a Sande sukulu,
koma tsiku loyamba kuika dzanja pamsana pa munthu
zala zanga zinali mbuli.
Khungu, thukuta, mpweya wokwera ndi kutsika,
fupa lija silinali pomwe analijambula.
Aphunzitsi anayang'ana wotchi.
Ine ndinayang'ana pansi.

Madzulo ake unandipeza kuseri kwa hositelo
ndikuwerengetsa ndalama ya basi yobwerera ku Vubwi.
Iwe Tikambenji, wonditsogolera ndi chaka chimodzi chokha,
unkadya chinangwa chootcha cha ku Kapata, mchere pamilomo.
Sunafunse chomwe chafiiritsa maso anga.
Unangoweramitsa mutu n'kunena:
"Peza fupa lotumphuka pakhosi pangapa.
Limenelo. Yambira pomwepo, uzitsika.
Werenga mokweza, ndimve ngati ukunama."

Ndinanama kawiri. Unaseka mpaka kutsamwa.

Masabata amenewo malaiti ankapita sikisi koloko.
Ena ankadandaula, iwe unkati tapeza mphunzitsi waulere.
Unabisa tsitsi limodzi pansi pa pepala la kope
kuti ndilipeze ndi nsonga ya chala, mumdima.
Kenako mapepala atatu. Kenako asanu.
Atafika asanu ndi awiri ndinakutukwana,
iwe n'kuwonjezera lina.

Chigoba cha pulasitiki cha m'kalasi tinkachitcha a Jere.
Analibe nthiti ziwiri, nsagwada yomanga ndi waya,
ndipo sankadandaula ukawapotoza khosi.
"Vuto lawo ndi limenelo," unatero.
"Wamoyo amaopa. Yamba wamva mantha ake,
fupa libwera pambuyo."

Usiku wina unatulutsa m'sutikesi pepala la chaka chatha,
lofiira ngati anapherapo nkhuku.
Mayeso omwewo, iwenso unagwa.
Zimenezo aphunzitsi sakanandipatsa.
Iwo anawoloka kalekale,
anaiwala pomwe mwala woterera uli.
Iwe miyendo inali ikadali yonyowa.

Chaka chachitatu anabwera bambo wamakala,
matumba anayi panjinga, tsiku ndi tsiku,
kutsika nawo m'mapiri mpaka ku Mchini.
Analowa atapindika ngati chiwongolero cha njinga yakeyo.
"Mwananga, ungondithyola pang'ono, ndikagwire ntchito."
Ndinapekesa zikhatho kuti zifunde, monga unkachitira,
ndinatsika msana wake fupa ndi fupa,
ndipo pamwamba pa chiuno chala chinaima chokha.
Pamalopo panali potentha, potupa mwachilendo.
Ankatuluka thukuta usiku, thalauza linamukulira.
Manja ankandiyabwa kuti ndionetse zomwe ndaphunzira,
koma ndinamva mawu ako, odzaza chinangwa:
"Pali msana wofuna dzanja, pali wofuna chithunzi.
Ukakayika, ika manja m'thumba."
Ndinawaika.
Anapita kwa dokotala akung'ung'udza za makala ake.
Patatha miyezi ndinamuona pamsewu wa ku Mwami,
wowongoka pang'ono, matumba awiri okha.
Sanandizindikire. Sindinamuitane.

Tsopano uli ku Petauke, foni yako imalira osayankhidwa,
ndikudziwa, mzere wa odwala sukupatsa mpata.
Sindinakuthokoze bwinobwino.
Tsiku lotsanzikana tinangokangana za ketulo yanga
yomwe unapita nayo, ndipo ndikuifunabe.

Dzulo, phiri la Kanjala litameza dzuwa,
ndinapeza mnyamata kuseri kwa hositelo,
Yotamu wa chaka choyamba, wa ku Chadiza,
akuyang'ana zikhatho zake ngati zamubera kanthu.
Ndinali ndi mayeso anga m'mawa mwake,
mutu wodzaza, mimba yopanda kanthu.
Ndinadutsa. Ndinafika mpaka pampopi.
Kenako ndinabwerera,
n'kukhala pansi, n'kuweramitsa mutu.

Ananama katatu.
Zala zake ndi zozizira, zimanjenjemera,
amakanikiza ngati akufuna kuboola chikopa cha ng'oma.
Usiku uno malaiti apitanso,
ndazula kale tsitsi limodzi.